Mpeni wa m'Chikwama cha Apongozi

Lasten ndi munthu woti ukamuponda phazi m'basi, wopepesa amakhala iyeyo. Wafika zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi osamenyapo munthu, ngakhale khofi lokha la paubwana. Ndiye taganizani mmene mtima wake unagundira Lolemba lina m'mwezi wa Meyi, manijala wa kampani ya timabasi tonyamula ana olumala atamuikira pepala patebulo n'kuloza mzere umodzi ndi cholembera.

"A Lasten, mayeso oyendetsa munakhoza, ndipo tonse pano takukondani," anatero mayiyo mofatsa. "Koma apa palembedwa kuti munapezeka ndi mpeni pagulu. Ana a eni ndingawapereke bwanji kwa munthu wa mpeni?"

Pepalalo linali la DBS, lija amafufuzira mbiri ya munthu kupolisi asanamulembe ntchito yosamalira ana kapena okalamba. Lasten anaona dzina lake, tsiku lake lobadwa, ndi mzere woipawo pansi pake.

"Mpeniwo sunali wanga."

"Unali wa ndani?"

Lasten anayang'ana nsapato zake. Manijala anadikira, n'kudikiranso, kenako anavula magalasi.

"Malo ndikusungirani mpaka Lachisanu lomaliza la mwezi uno," anatero. "Mundibweretsere umboni woti mwapempha apolisi kuti afufute zimenezi, komanso mawu a mwini mpeniyo, olembedwa ndi kusainidwa. Kupanda apo ndilemba wina. Ana akudikira dalaivala."

Ntchito imeneyi kwa Lasten sinali yongosintha mphepo ayi. Zaka khumi ndi zinayi wakhala akusenza makatoni kudepoti ina ya katundu kufupi ndi Thamesmead, ndipo msana wake unafika pokana. Dokotala anamuuza mosapsatira kuti akapitiriza kunyamula, posachedwapa adzanyamulidwa ndi iyeyo. M'mawa uliwonse mkazi wake Rabecca amagwada kumumangira zingwe za nsapato, poti kuwerama kunali kovuta. Mwamuna wamkulu, wandevu, kumangiridwa nsapato ngati mwana wa kumkaka! Zinkamupweteka kuposa msanawo.

Kuti mumvetse chifukwa chake sanayankhe funso lapafupi ngati limenelo, muyenera kudziwa kumene anachokera. Lasten anabadwira m'komboni ya pafamu ya fodya kufupi ndi Karoi, ku Zimbabwe. Agogo ake anachoka ku Dedza wapansi kukafuna ntchito ndipo sanabwererenso. Iye ku Dedzako sanapondeko, koma mwambo wake anaumeza wonse ndi mafupa omwe. Anthu a m'komboni analibe munda wawo, analibe mudzi woti n'kuloza, choncho chomwe anagwiritsitsa chinali mwambo. Ku Malawi kwenikweniko akamwini a masiku ano amaonera mpira pasofa imodzi ndi apongozi awo, mwinanso kulimbirana rimoti. Pafamu zimenezo kunalibe. Mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera panjira, ankapatukira m'fodya n'kunjuta mpaka adutse.

Famu itatha, Lasten anazunzika ku Harare zaka zingapo, kenako mwayi unamugwera wobwera ku London. Rabecca, mwana wa m'komboni yomweyo, anamutsatira. Anapeza fulati ya zipinda ziwiri ku Thamesmead, anabereka mwana mmodzi, Luntha. Ndiye kunabwera mayi ake a Rabecca, mayi Chisenga, amuna awo atamwalira.

Mwati kupewana ndi apongozi m'fulati ya ku London n'kotheka? Anthu awa anakwanitsa, zaka khumi ndi chimodzi zathunthu. Mayi Chisenga akamatuluka m'chipinda mwawo ankayamba atsokomola, Lasten n'kulowa kubafa kapena kutembenukira kuzenera. Lasten akamabwera kuchokera kuntchito ankagwedeza makiyi pakhomo nthawi yaitali ngati sakulidziwa loko. Sanadyerepo patebulo limodzi. Zokambirana zonse zinkadzera kwa Rabecca, ndipo Rabecca akachoka, mayiwo ankalankhula ndi ketulo.

"Kaya anthu ena adya kale?"

Lasten ali pabalaza ankayankha khoma. "Anthu ena akhuta, athokoza kwambiri."

Anzake ena kutchalitchi ankamuseka kuti ndi wachikale. Koma musaganize kuti panali udani. Ulemu wake unali umenewo, ndipo mayi Chisenga akamacheza ndi amayi anzawo ankanena poyera kuti Mulungu anawapatsa mwana wamwamuna kudzera kwa Rabecca.

Tsoka linabwera zaka zitatu zapitazo, mu Okutobala. Kunagwa maliro ku Wembley, mkulu wina wa mpingo wawo. Pa maliro alionse a anthu a kwawo, wotsogolera kuphika amakhala mayi Chisenga, ndipo mayiwo sakhulupirira mpeni wa munthu wina. Amati mipeni ya ku London ndi yodulira buledi. Wawo unali wa chigwiriro chamtengo, wochokera kufamu, wautali kuposa chikhatho ndi theka, wonoledwa mpaka kuwonda pakati. Anaukulunga m'chitenje n'kuuika m'chikwama pamodzi ndi mthiko, zipande ndi mipango.

Rabecca tsikulo anali pantchito kunyumba yosamalira okalamba, choncho woperekeza anali Lasten. Mayiwo anaika chikwama pakhomo n'kubwerera m'kati pang'ono, Lasten n'kuchinyamula. Wamkulu sanyamula katundu wamng'ono akuyenda manja lendelende, ndipo chikwama cha apongozi sutsegula kuti uone zam'kati. Anatsogola mapazi khumi. M'basi iye anakwera pamwamba, iwo anakhala pansi. Aliyense wowaona akanalumbira kuti anthu awa sadziwana.

Pasiteshoni ya North Greenwich anapeza apolisi ataimika chipata chachitsulo chija chimalira munthu akadutsa ndi chitsulo. Lasten analowa bwinobwino, alibe nkhawa. Chipata chinalira. Wapolisi anatsegula chikwama, anatulutsa mthiko, anatulutsa zipande, anamasula chitenje. Mpeni uja unang'anima pamaso pa anthu onse.

"Chikwamachi n'chako?"

Lasten anacheuka. Mayi Chisenga anali ataima pafupi ndi makina a matikiti, ambulera ili m'manja, maso ali pa iye. Kanali koyamba kuti maso awo akumane. Mayi wachikulire, Chingerezi chongopemphera madzi, mapepala ake okhalira m'dziko muno ongowonjezeredwa zaka ziwiri ndi theka nthawi iliyonse. Ndiye iye atukule chala, aloze apongozi ake, apolisi awagwire mkono pagulu? Chala chimenecho chikanauma.

"N'changa," anatero.

"Uli ndi wina aliyense?"

"Ndili ndekha."

Kupolisi anamuuza kuti ali ndi ufulu woitanitsa loya waulere. Iye anakana. M'mutu mwake loya ndi wa anthu olakwa, ndiponso maso ake anali pawotchi, kuopa kuti anthu anena kuti mkamwini wa a Chisenga sanafike pamaliro. Anamufotokozera kuti akavomera kulakwa alandira chenjezo lolembedwa, lija anthu amangoti kosheni, ndipo sapita kukhoti. Ananenanso zina zokhudza mbiri yake, koma Lasten chomwe anamva n'chakuti akasaina atuluka. Anasaina msangamsanga. Dzuwa lisanalowe anali atakhala pakati pa amuna ku Wembley, akuimba nawo nyimbo za maliro. Atafika kunyumba anauza Rabecca zonse, n'kumulamula kuti kwa mayi akangonena kuti apolisi alanda mpeni basi, nkhani yathera pomwepo. Iyenso ankakhulupirira kuti yathadi. Koma akulu ananena kuti mlandu suwola, ndipo wa m'kompyuta ndiye suchita n'komwe nkhungu.

Atachoka kwa manijala uja, Lasten sanapite kunyumba. Anakwera basi ya ku Peckham, kumene kuli kaofesi kothandiza anthu pa zamalamulo, pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma ndi zilazi. Fungo la nsomba limakwera masitepe limodzi ndi munthu. Kumeneko anapeza Phoebe, mtsikana wa ku Zomba amene anabwera kudzaphunzira zamalamulo n'kukhazikika. Atamva Chichewa cha pafamu chosakanikirana ndi Chishona, Phoebe anamwetulira, koma atawerenga pepala kumwetulira kunatha.

"Bambo, munasainiranji popanda loya?"

"Ndinkathamangira maliro."

"Aa, inu!" Phoebe anagwira kumutu. "Chabwino, zinachitika. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, mudikire. Pakatha zaka zisanu ndi chimodzi chichitikireni, mzerewu suonekanso papepala ngati ili. Zatsala zitatu."

"Msana wanga sufika zaka zitatu, achemwali. Ntchito ikudikira mpaka mapeto a mwezi."

"Yachiwiri, tilembe fomu yopempha mkulu wa apolisi kuti afufute. Koma savomera wamba, chifukwa inu munasaina kuti munalakwa. Pafunika umboni woti simunkadziwa zomwe zinali m'chikwamamo. Mwini mpeni anene yekha, asaine dzina lake. Mwiniyo alipo?"

"Alipo. Ndi apongozi anga."

"Aamuna?"

"Aakazi."

Phoebe anaika cholembera pansi. Anafunsa za mapepala a mayiwo, ndipo Lasten anafotokoza kuti zaka khumi zinakwana, anatumiza pempho loti akhale m'dziko muno mpaka kalekale, ndipo yankho akulidikira.

"Ndiye sindikunamizani," anatero Phoebe. "Akasaina, apolisi akhoza kuwaitana kukawafunsa. Mwina adzamvetsa kuti unali wophikira pamaliro n'kuwasiya. Mwinanso ayi. Ndipo a zamapepala ayenera kudziwitsidwa, chifukwa amayang'ana khalidwe la munthu. Pempho lawo likhoza kuchedwa. Likhozanso kukanidwa. Sindingakulonjezeni chilichonse."

Lasten anatsika masitepe aja akudzifunsa. Mayi Chisenga akakanidwa apita kuti? Famu kulibe. Amuna awo ali m'manda. Ku Malawi sadziwa ngakhale mtengo umodzi.

Anayesa njira ya mwambo. Mkamwini sapita yekha kwa apongozi ndi nkhani yolemera, amadzera kwa ankhoswe. Anaimbira a Killian, malume ake a Rabecca, amene amakhala ku Wembley, n'kuwafotokozera zonse. A Killian anapuma mozama pafoni.

"Mkamwini, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndiganize kaye."

Anaganizadi a Killian. Anaganiza sabata yathunthu, ndipo foni yawo inayamba kungolira osayankhidwa. Ankhoswe a ku London ndi choncho, pa ukwati amakhala kutsogolo ndi suti, pamavuto netiweki imawavuta.

Masiku anali kutha. Lasten ankapita kudepoti, kusenza, kubwera, kugwedeza makiyi pakhomo. Chakudya chinkamukanika. Akamva kutsokomola kuja kuchokera m'chipinda, mtima unkadumpha ngati wagwidwa akuba, chonsecho sanabe kanthu. Nthawi zina mkwiyo unkamubwerera, inde, mkwiyo weniweni. Mayi wamkulu angaike bwanji chimpeni chotero m'chikwama osanena? Koma akanauza ndani, ketulo? Akaganiza zimenezo ankachita manyazi ndi mkwiyo wake womwe.

Loweruka lomaliza Lachisanu lija lisanafike, msana unamugwira ali pakati pa ntchito. Katoni inagwa, iye n'kugwada pa simenti osatha kudzuka, mpaka anzake awiri anamukweza m'takisi. Lamlungu sanapite kutchalitchi. Masana Rabecca atabwera, analowa kuchipinda n'kumupeza atagona pansi pakapeti, miyendo ili pampando monga anamuuzira dokotala. Anatseka chitseko.

"Bambo a Luntha, ine ndikukawauza mayi."

"Musayerekeze."

"Ndiye tizingokuonererani mukufa? Mawa mudzuka bwanji?"

"Ndidzuka. Zaka zitatu si zambiri."

"Si zambiri? Mukulephera kufika kubafa!" Rabecca anakhala pabedi, kenako anaimiriranso. "Nanga ndikawauza, n'kusaina, n'kuwakaniza mapepala? Ndidzawakweza ndege ndi manja angawa? Akafikira kwa yani?"

"N'chifukwa chake ndikuti musawauze."

"Musandiuze zochita! Inu munasankha nokha pasiteshoni paja, simunandifunse. Munadzipanga ngwazi, mpeni wa mayi n'kuuika padzina lanu, lero ine ndi amene ndikuyenera kusankha pakati pa mwamuna ndi mayi anga. Ndisankhe ndani? Nenani!"

"Tsitsani mawu."

Koma anali atachedwa. Makoma a mafulati a ku Thamesmead sasunga chinsinsi, ngakhale woyandikana naye akayetsemula umamva. Kukhitchini, kumene kunali mayi Chisenga, madzi anali akutuluka pampopi, ndipo anasiya. Rabecca anagwira pakamwa. Anadikira kuti mayi aitana, koma sanaitane. Anangomva mapazi akupita kuchipinda, chitseko n'kutsekeka pang'onopang'ono.

Lolemba mayi Chisenga sanatuluke. Chakudya chimene Rabecca anawaikira pakhomo chinazizira pomwepo. Lasten anagona pakapeti tsiku lonse akumvetsera, osamva ngakhale kutsokomola. Anaganiza kuti akwiya. Anaganiza kuti akulongedza. Anaganizanso zoipa kuposa pamenepo, n'kutuma Rabecca kuti akasuzumire. Rabecca anabwera n'kunena kuti angokhala pabedi, manja ali pamiyendo.

Lachiwiri m'mawa anapeza mayi Chisenga ataima pakhomo lotulukira, atavala yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi, mpango woyera utamangidwa bwino, pasipoti ili m'manja.

"Rabecca, auze bambo a Luntha kuti andiperekeze ku Peckham."

"Mayi, tiyeni tikambirane kaye."

"Wamva zomwe ndanena?"

Rabecca anaimbira kuntchito kuti sabwera. Anapita atatu, Lasten akukoka mwendo kutsogolo, mayi ndi mwana wawo kumbuyo. Masitepe a m'basi Lasten sakanawatha, choncho anaima pafupi ndi dalaivala atagwira chitsulo, nkhope atalozetsa kumsewu ulendo wonse. Sanadziwe chimene mayiwo akukanena. Mwina akukamutsuka, mwina akukauza Phoebe kuti mkamwini wawo akufuna kuwapereka kwa apolisi.

Mu ofesi munali mipando itatu yoyang'ana tebulo. Mayi Chisenga anakoka wawo n'kuutembenuza kuti Lasten akhale kumbuyo kwawo. Phoebe anaona n'kuimirira. Anawapatsa moni atapinda mawondo pang'ono, kenako anayamba kufotokoza zonse zija anauza Lasten, mosabisa: apolisi, mafunso, pempho la mapepala, kuchedwa, kukanidwa. Anawauzanso kuti ali ndi ufulu wokaonana kaye ndi loya wawo wa zamapepala asanasaine.

"Agogo, palibe amene angakukakamizeni. Mukafuna kutuluka pano osanena kanthu, chitseko ndi icho."

"Achemwali," Lasten analowerera, "auzeni mayi kuti nkhaniyi ndaisiya. Ntchito ndipeza ina. Tiyeni tizipita."

"Mwana wanga," anatero mayi Chisenga kwa Phoebe, ngati sanamve, "makina akowo ayatse. Ulembe monga ndikunenera."

Phoebe anakoka kompyuta.

"Dzina langa ndine Estere Chisenga. Mpeni unali wanga. Anandigulira malemu amuna anga ku Karoi, chaka chimene ndinabereka Rabecca uyu. Ndinaukulunga ndekha, ndinauika ndekha m'chikwama, kupita nawo kukadula nyama pamaliro. Mkamwini wanga sanauone, ndipo sakanatsegula chikwama changa. Walemba?"

"Ndalemba, agogo."

"Ulembenso kuti ndinalipo. Ndinaima pamakina a matikiti. Ndinaona akumufunsa, ndinaona akundiyang'ana. Ndinaona akumutenga. Ndiye ine ndinadutsa pachipata china n'kukwera sitima."

"Agogo, zimenezo sizofunika kwenikweni. Zikhoza kukuipitsirani."

"Ndati ulembe. Ndinathawa. Ndinafika ku Wembley, ndinabwereka mpeni, ndinadula nyama. Amayi anandifunsa kuti mkamwini ali kuti, ine ndinati akubwera m'mbuyo." Mayiwo anapitiriza. "Madzulo ake Rabecca anandiuza kuti zatha. Ndinadziwa kuti za apolisi sizitha choncho. Ndinadziwa, koma sindinafunse, chifukwa ndinkaopa yankho. Zaka zitatu ndakhala ndikudya za thukuta la munthu ameneyu, ndikumva akubuula m'bafa, osafunsa."

Rabecca anali akulira mwakachetechete. Phoebe anasindikiza pepala, anawawerengera m'Chichewa mzere ndi mzere, n'kuwafunsanso kachiwiri ngati akufunadi. Mayiwo anatenga cholembera n'kulemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, monga anaphunzirira kusukulu ya kwacha.

"Tsopano fomu," anatero Phoebe, akukankhira pepala lina kwa Lasten. "Pempholi ndi lanu, bambo. Popanda siginecha yanu, mawu a agogowa sapita kulikonse."

Lasten anayang'ana fomuyo. Pabokosi lofotokoza chifukwa, Phoebe anali atalembamo kale kuti mpeni unali wa Estere Chisenga, apongozi ake. Chala chija anakana kutukula pasiteshoni, lero ankayenera kuchitukula ndi inki. Anagwira cholembera, anachisiya. Anachigwiranso.

"Sindingathe," anatero. "Achemwali, ng'ambani."

Mpando unakhuluzika pansi. Mayi Chisenga anautembenuza wonse mpaka mawondo awo anatsala pang'ono kugunda a Lasten. Iye anagwetsa nkhope msanga.

"Bambo a Luntha."

Zaka zonsezi anali asanamvepo mawu amenewo akubwera kwa iye mwachindunji. Khutu linatentha.

"Bambo a Luntha, ndiyang'aneni. Ulemu mwandipatsa wokwana, wina ndiusunga pati? Tsiku lija munanama kuti mundiphimbe. Lero mukakana, ndiye kuti mukundisandutsa ine wabodza mpaka kumanda. Ndakalamba, sindikufuna kukafika kwa Mulungu ndi msana wanu m'manja. Sainani."

Lasten anakweza maso. Anaona nkhope imene ankaidziwa pazithunzi zokha, makwinya ake, diso lamanzere lochita ng'ala pang'ono limene sankadziwa n'komwe kuti lili choncho. Anasaina. Dzina linatuluka lokhotakhota ngati la mwana wa sitandade wani.

Lachisanu anapita kwa manijala ndi makope a mapepala onse awiri. Mayiyo anawerenga mawu a mayi Chisenga kawiri, anafunsa mafunso angapo, anaimbira Phoebe, kenako anati Lasten ayambe, koma aziyenda ndi wothandizira wamkulu m'basi mpaka yankho la apolisi litabwera. Mu Julaye apolisi anaitana mayi Chisenga. Anapita ndi loya, nthawi ino palibe amene anakana loya, ndipo anawafunsa maola awiri n'kuwalola kupita osawapatsa mlandu. Mu Seputembala kalata inafika yoti chenjezo lija lafufutidwa. Pepala latsopano la DBS linabwera loyera, pansi pa dzina popanda mzere uliwonse.

Mukuganiza kuti Lasten anavina? Analiika m'kabati n'kutseka. Anzake a mayi Chisenga amene anatumiza mapempho mwezi umodzi ndi iwo anali atalandira kale mayankho awo, ena mpaka kuchita phwando. La mayi Chisenga linali zii. Tsiku lililonse Lasten akatsitsa mwana womaliza n'kubweza basi, ankathamangira kubokosi la makalata pansi pa fulati asanakwere, mtima uli m'mwamba.

Envelopu inabwera Lachinayi lina mu Novembala, Rabecca ali kuntchito. Inali ya khaki, dzina la Estere Chisenga lili pakawindo. Lasten anakwera nayo masitepe ngati wanyamula mbale yodzaza msuzi wotentha. Anawapeza kukhitchini. Anaiika pakona ya tebulo n'kubwerera m'mbuyo.

"Tidikire Rabecca," anatero Lasten.

"Tsegulani. Maso anga saona tizilembo timeneto."

Lasten anaing'amba. Anawerenga kamodzi, anabwerezanso. Kalatayo inkati pempho lawo silingagamulidwe pa nthawi yake chifukwa pali zina zokhudza apolisi zimene akuzifufuza, ndipo adzawadziwitsa. Tsiku sanatchule.

"Akuti chiyani?"

Bodza linafika pamlomo, lokonzeka, lofewa, loti akungofuna chithunzi china. Analimeza.

"Akuti sanagamule, mayi. Akufufuza nkhani ya mpeni ija. Sananene kuti mpaka liti."

Mayi Chisenga anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga kalatayo, anaipinda kanayi, anaiika m'thumba la juzi. Dzanja lawo linakhala pathumbapo kanthawi.

"Ndikhululukireni," anatero Lasten, misozi itadzaza. "Ndikanangodikira zaka zitatu zija."

"Ana aja mwawafikitsa bwino lero?"

"Ndawafikitsa, mayi."

"Onse?"

"Onse."

"Ndiye khalani pansi mudye. Mawa akudikiraninso."